Chimene Chinkaseketsa Bambo a Nércia

Tikuchokera ku Misa ku Fonte Boa, mwana wanga anandifunsa kuti, "Ababa, n'chifukwa chiyani Nércia amabisala akaona bambo ake?" Ndinayamba ndafunsa kwa odziwa, ndipo akuti zinayenda chonchi.

Panali munthu wina ku Domwe, dzina lake Policarpo, wopha nkhumba pamsika. Anali ndi mkazi, Esperança, ndi mwana mmodzi, Nércia, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwanayo sankasiyana ndi bambo ake. Akamanola mpeni pamwala uku akuimba mluzu, iye ankakhala pambali kudikira chikhodzodzo cha nkhumba kuti akachipope n'kusewera mpira ndi anzake.

Policarpo ankakonda mafilimu oopsa, koma a mizukwa anali atamukwana. Tsiku lina mu shapa, minibasi yochokera ku Ulongwe, anakhala pafupi ndi mlendo amene ankaonera zinazake patelefoni ataphimba ndi chipewa.

"Achimwene, n'chiyani chobisa choncho?"

"Izi si za aliyense," anatero mlendoyo. "Mulibe mzukwa, mulibe mfiti. Ndi anthu okhaokha. Ena amasanza nazo."

"Ine? Ndimapha nkhumba zitatu tsiku la msika. Ndipatseni."

Mlendoyo anamuikira filimuyo mutelefoni, n'kutsika panjira. Sanaonanenso.

Mufilimumo munali bambo wankhope yachifundo amene anatsekera anthu m'nyumba n'kumawadula pang'onopang'ono. Panalibe wobwera kudzawapulumutsa. Pamene munthu aliyense akanayang'ana kumbali, wojambulayo ankayandikira. Ndipo bamboyo ankanola mpeni wake akuimba mluzu.

Policarpo anakaonetsa anzake pabaraka pomwe ankamwera mowa. Mlamu wake Damiano anangoona pang'ono n'kuimirira.

"Alamu, fufutani zimenezi. Mzukwa umatha ukazimitsa telefoni, chifukwa sukumana nawo pamsika. Koma uyu ndi munthu ngati inu ndi ine. Ndikatuluka pano ndizimuona pankhope ya aliyense."

"Ndi masewero awa, alamu! Magaziwo ndi matimati. Kagoneni pamsana pa amayi anu."

Onse anaseka.

Kunyumba Policarpo ankaibwereza filimuyo masana atakhala pakhonde, akuseka mpaka kugwira m'mimba. Esperança anamuchenjeza.

"Bambo a Nércia, maliro akamadutsa mumalowetsa mwana m'nyumba kuti asaone ngakhale bokosi. Ndiye izi mwaziika m'thumba, m'telefoni yomwe mumamupatsa kuti aonere zidole?"

"Mwana sadziwa kuwerenga. Aipeza bwanji? Inu zapakhomo zakucheperani eti?"

Loweruka lina anapita onse kokumba kachewere. Nércia atayamba kuvuta, bambo ake anamuyatsira zidole n'kumukhazika pansi pa mtengo. Mwana sadziwadi kuwerenga, koma amadziwa chithunzi. Anazindikira chija ankachiona bambo ake akamaseka, n'kuchidina.

Anamupeza ali duu, atadzikodzera, telefoni ikulirabe m'manja. Sanalire ayi.

"Aiwala mawa," anatero Policarpo.

Tsiku la msika litafika, anatenga mpeni, anathira madzi pamwala, anayamba mluzu wake uja.

"Nércia! Bwera, lero chikhodzodzo n'chako."

Mwanayo anakuwa kukuwa kumene kunatulutsa anthu m'nyumba, n'kuthawa. Anakamupeza atagona chafufumimba mumzere wa kachewere, atatseka makutu. Kuyambira tsikulo anakana nyama. Anakana chilichonse chochokera m'manja mwa bambo ake. Akamumwetulira, iye ankanjenjemera kwambiri. Kuchipatala anamwino anati thupi lili bwino, ndipo palibe piritsi lofufuta zimene mwana waona.

Patapita milungu iwiri, Nércia anauza mayi ake akumusambitsa.

"Amayi, ndimafuna ndione chimene chimaseketsa ababa. Mayi uja wa m'telefoni ankalira, ababa amaseka. Ine ndikalira adzasekanso?"

Policarpo anali kuseri kwa mpanda, ndipo anamva. Anafufuta filimuyo, kenako anaphwanya telefoni pamwala wonolera womwe uja. Koma m'mutu mwa mwana filimu sinazime. Esperança anatumiza mwanayo kwa mkulu wake ku Fonte Boa kuti mwina angayambenso kudya.

Tsopano patha zaka ziwiri. Lamulungu lililonse Policarpo amapalasa njinga kukaima panja pa tchalitchi atanyamula buledi. Nércia akamuona amalowa kuseri kwa kapulana, chitenje cha amayi ake aakulu. Bulediyo amalandira ndi ena. Mluzu anasiya kuimba. Ndipo anzake a pabaraka, omwe aja ankaseka naye, lero ndi amene amamuloza n'kumati, "Chitsiru chija ndi icho."

Phunziro: Filimu yoopsa zedi si ya mzukwa, koma imene imaonetsa munthu wamba akuzunza mnzake popanda womuletsa, chifukwa imakuchititsa kuopa anthu amene umakhala nawo. Musalandire za mlendo n'kuziika m'telefoni imene mwana amagwira, ndipo wokuchenjezani musamuseke. Mwana amatsatira chimene chimaseketsa kholo lake. Tumizani nkhaniyi kwa bambo aliyense amene amati "mwana sadziwa kuwerenga", asanakumbe kachewere wa chaka chino.

Mwana wanga ndinamuyankha Lamulungu lotsatira, tikudutsa pamene panaima njinga ija. Ndinamunyamula n'kumuuza kuti, "Nércia anaona bambo ake akuseka munthu amene ankalira, ndiye sakudziwa ngati iye atalira angamunyamule. Bambowo akubwerabe kuti tsiku lina adzadziwe. Iwe uzingosewera naye. Ndipo ukadzalira, ine sindidzaseka."