Foni Inaloza Manda a Eni Ake

Panali munthu wina dzina lake Crimildo, dalaivala wa lole ku Quelimane koma kwawo kwa Molumbo. Akuti izi zinachitikadi, ndipo amene anadya nawo mpunga tsikulo akadali moyo.

Mayi ake atamwalira, anabwera kudzaika maliro. Anthu akukwirira, iye anatulutsa foni n'kudina pa mapu kuti isunge malowo. Azakhali ake, a Delfina, anamukoka malaya n'kumuuza kuti asadzachedwe kumanga chiliza, poti mtanda wa mtengo chiswe sichichedwa nawo. Anamuuzanso kuti tsikulo adzayambe waonana ndi a Justino, mkulu wa adzukulu amene anakumba mandawo.

"Titiya, izi n'za setilaiti," anatero Crimildo. "Setilaiti sidyedwa ndi chiswe."

 A Delfina anatenga kapu imene malemu ankamwera tiyi n'kuivundikira pamtumbira, monga amachitira onse kumeneko ndi mbale kapena kapu ya womwalira.

Panapita zaka zinayi. Mvula inasalaza mitumbira, mitanda inagwa, udzu unafika m'chiuno. A Delfina nawo maso anafa.

Crimildo anatulukira Lachiwiri lina ndi simenti, matailosi ndi mmisiri wa ku Milange dzina lake Zeca. Anamva kuti a Justino ali kwa mwana wawo ku Majaua, abwera Lachisanu. Iye anati lole ya abwana sidikira nkhalamba. Analowa kumanda awiriwiri, foni ili patsogolo.

Pansi pa mitengo ya kumandako kadontho kabuluu ka pamapu, kosonyeza pamene munthu ali, kanayamba kuyenda kokha, mwini wake ataima chilili. Zeca anasuzumira n'kufunsa za chibwalo chotuwa chimene chinazungulira kadonthoko. Anati iye amamva kuti chikakula chonchi ndiye kuti foni ikungoganizira, ndipo apa chaphimba manda oposa khumi.

"Achimwene a Zeca, mwabwera kudzamanga kapena kudzaphunzitsa?" anatero Crimildo.

Kadontho kataima pang'ono, Crimildo anaponda pansi n'kunena kuti ndi pano. Zeca analambula malo aakulu kuti apeze pokandira simenti. Makapu, mbale ndi zidutswa za mitanda zimene khasu linakumana nazo anaziunjika mulu umodzi patsinde la mtengo. Pofika Lachinayi chiliza chinali chikuwala, dzina la mayi lili pamwamba.

Loweruka anthu anasonkhana, kwaya inaimba, mpunga uli pamoto. Atangochotsa nsalu pachiliza, mayi wina wamasiye, a Palmira, anagwada pamaso pa Crimildo n'kuwomba m'manja.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni. Bambo a kwathu a Eusébio moyo wawo wonse anagona pamkeka, kachasu atawathera zonse. Lero agona m'matailosi."

Ena anatsokomola, ena anayang'ana kumbali. Crimildo anaonetsa anthu foni. Kadontho kanali katasamuka, tsopano kali pafupi ndi njira.

Anaitana a Justino. Mkuluyo anazungulira chilizacho kamodzi, n'kunena kuti apa ndi pa Eusébio, anakumba yekha ndipo anathyolerapo mpini pa muzu uwo. Crimildo anafunsa kuti nanga amayi ali pati.

A Justino anayang'ana pamene Zeca anapalapo mpaka dothi lofiira, kenako anayang'ana mulu wa makapu uja.

"Mzere wake ndi uwu, mwanawe. Chaka chimenecho tinaika anthu asanu motsatizana. Ndinkawasiyanitsa ndi ziwiya zawo. Mukanandidikira Lachisanu."

Anapita kukawatenga a Delfina kunyumba, atawagwira dzanja. Anapapasa muluwo n'kuipeza kapu ya mlamu wawo, yobenthuka pamlomo. Anaigwira nthawi yaitali. Palibe anadziwa pokaibwezera.

Zogumula chiliza a Palmira anakana, ati amuna awo asadzidzimutsidwe kawiri. Zofukula palibe anazitchula n'komwe.

Crimildo sanalire, sanakalipe. Anakhala pathumba la simenti lotsala, anthu akupita kukadya. Manda atatsala zii, anamasula nkhata ya maluwa imene anabwera nayo, n'kuigawa pasanu. Anaika pang'ono apa, pang'ono apo, mpaka mzere wonse unatha. Pamalo aliwonse ankati, "Mamã, ngati muli pano, ndine." Kenako anakaliza lole.

Phunziro: Foni imatha kukufikitsani pamudzi, koma sidziwa pamene pagona mayi anu. Kadontho kaja kamaphonya, makamaka pansi pa mitengo, m'nyumba ndi kumene netiweki ndi yofooka, ndipo chibwalo chokazungulira chikakula dziwani kuti ikungoganizira. Musanathire simenti, funsani munthu amene anagwira khasu. Tumizani uthengawu kwa abale anu onse a m'tauni, makamaka aja amajambula pamaliro.