Palachuti Yopinda Yekha

Woyang'anira bwalo loulutsira maroketi ang'onoang'ono opanga pamanja analengeza pa chinkuzamawu: "Roketi ya Wendell ndi Doreen Halvorsen!"

"Ndatsala ndekha, bambo," anatero Doreen. "Amuna anga tinawaika mu Epulo."

Zipsepse za roketiyo anamata ndi malemuwo, ndipo chidindo cha chala chawo chinaumira mu guluu. Koma palachuti yotsitsira roketiyo Doreen anaipinda yekha m'mawawo, koyamba m'zaka makumi awiri, osadziwa ngati walondola.

Anadina batani. Roketi inabangula n'kuzimirira kumwamba kwa chipululu cha Nevada. 

Kenako kansalu kofiira ka palachuti kanatambasuka m'mwamba.

"Yatseguka, mayi!" anafuula woyang'anirayo. Anthu anaomba m'manja n'kutembenukira roketi ina.

Doreen anauyamba wapansi kukatola yake. Ludzu litamugwira, anapeza kuti m'chikwama walongedzamo mabotolo awiri a madzi, monga kale.