Masamba Pamphambano ya Njanji

Chibwerereni sitima zodziyendetsa zokha, lamulo limaletsa kuika chilichonse panjanji zisanu zimene zimakumana kuseri kwa nyumba ya Nangozo. Amuna awo atamwalira, Nangozo anathyola nthambi za mango kuti akayale, odutsa adziwe kuti pali maliro.

"Amayi, akumangani," anatero mwana wawo Dalikeni. "Komanso makina sadziwa maliro."

"Bambo ako ankapatutsa sitima pano njanji zili ziwiri zokha. Apite ngati mlendo?"

Anayala masambawo m'mbali, osakhudza chitsulo. Sitima ya opita kuntchito inadutsa osachepetsa liwiro. Koma m'mawindo abambo ankavula zipewa, amayi n'kumawerama.

"Waona?" anatero Nangozo. "Makina sadziwa, koma mkatimo muli anthu."