Msilikali Amene Anabwereketsa Nkhope Yake

Panali munthu wina m'tauni ya Dharan, msilikali wopuma ntchito, dzina lake Tekendra Subba. Amene ankamwa naye tiyi nkhaniyi akuidziwa. Anagwira usilikali zaka makumi awiri ndi ziwiri, nabwerako ndi mwendo wotsimphina, mamendulo anayi ndi penshoni yongokwanira mpunga ndi mphodza.

Chaka chimenecho bungwe la asilikali opuma linkayenda khomo ndi khomo ndi chikalata chopempha aphungu kuti akhwimitse lamulo pa juga ya pafoni, chifukwa anzawo awiri anali atagulitsa kale minda. Wapampando wa bungwelo, Kaputeni Thebe, anamupeza Tekendra pomwera tiyi.

"Saina apa, mng'ono wanga. Ndipo munthu akabwera ndi nkhani ya masewera a pafoni, umuthawe ngati bomba lokwiriridwa."

Tekendra anaseka. "Akulu, zipolopolo zinandilephera, ndiye kafoni kandigwetse? Oluza ndi opusa. Lamulo lisatilere ngati makanda."

Sanasaine.

Sabata isanathe, bambo wina wovala jekete lodula anafika pomwepo, namuchitira sawasha. Anati dzina lake ndi Rojan.

"Bwana, ngwazi ngati inu kumalandira penshoni imeneyo? Ndi chipongwe."

Anamuikira masewera ena pafoni. Tekendra anaponya marupi 500, ndalama za kumeneko, anatuluka 4,000. Tsiku lachitatu anatuluka 20,000. Mutu unayamba kuzungulira.

"Ndikupempha ziwiri zokha," anatero Rojan. "Muvale mamendulo ndikujambuleni mukunena kuti mwapambana. Komanso mutibwereke akaunti yanu ya kubanki, ndalama za osewera zizidutsirako. Inu muzilandirapo kenakake."

Mkazi wake, Dilsara, atamva anaika mbale pansi. "Bambo a Sabina, munthu woti simudziwa kwawo akuifuniranji nkhope yanu? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Mayi a Sabina, zandalama zisiyeni. Munayamba mwaona ndalama zochuluka chonchi pakhomo pano?"

Tekendra anavomera zonse ziwiri, ndipo kanemayo anafalikira m'mafoni onse. Asilikali anzake ankati, "Ngati Tekendra walowa, palibe chinyengo." Tekendra yemwe anachita kupinyolitsa nyumba kuti aponye zambiri.

Tsiku lina kunabwera Man Kumar Rai, mnzake wa gulu limodzi kunkhondo. Mkazi wake ankadwala impso, ndipo kawiri pa sabata ankapita naye kuchipatala kukatsukitsa magazi pamakina.

"Mnzanga, undiuze zoona. Ndalama ndili nazozi ndi za kuchipatala, miyezi itatu basi. Zikachuluka, mayi akwathu akhala ndi moyo chaka."

"Ndingakunamize iwe? Ika zonse. Mwezi uno usanathe zibwera zitabereka."

Man Kumar anaika zonse.

Lolemba m'mawa masewera aja sanatseguke. Tekendra anaimbira Rojan, foni sinkapezeka. Anaimbanso, anaimbanso. Anakwera basi kupita komwe ankati kuli ofesi, anakapeza telala akusoka mabulawuzi, ndipo telalayo za Rojan sanamvepo. Pobwerera anapeza amuna khumi ndi mmodzi ataima pachipata chake, ena ndi ndodo zoyendera, ena ndi akazi awo.

"Ndalama zathu, Tekendra!"

"Nanenso andibera, abale anga! Nyumba ino yapita!"

"Tinaona nkhope ya ndani? Ya Rojan kapena yako?"

Madzulo asanafike apolisi anamutenga. Marupi mamiliyoni anayi anali atadutsa mu akaunti yake, ndipo dzina lokhalo lopezeka pamapepala linali lake. Anakhala m'chitokosi masiku atatu. Achibale anazimitsa mafoni. Amene anabwera kudzamutulutsa pa belo anali Kaputeni Thebe.

Panja pa polisi Tekendra anagwada pafumbi, nagwira mapazi a mkuluyo. "Akulu, ine ndatha. Ndadya anzanga. Bola ndingodziponya mumtsinje."

"Dzuka, anthu akuona," anatero Kaputeni. "Wovulala sitimusiya kumbuyo, ngakhale atadziwombera yekha phazi. Loya tamupeza. Tasonkhanso za mkazi wa Man Kumar. Koma upita nafe kulikulu ku Kathmandu, ukanene zimenezi pamaso pa aphungu ndi pakamwa pako."

Anapita. Anaima pamaso pa aphungu, nafotokoza zonse osabisa, mpaka mawu anamuthera, bambo wamkulu akulira ngati mwana. Aphungu analemba, nati nkhaniyo aiunika.

Ali m'basi pobwerera, foni ya Kaputeni inalira. Mkazi wa Man Kumar anali atamwalira. Ndalama zosonkha zija zinafika atajomba kale maulendo atatu kuchipatala.

Tekendra anatsika basi n'kulunjika kumaliro. Man Kumar anamuona akubwera, namuchingamira pachipata. Sanakweze mawu.

"Usalowe."

"Mnzanga, ndimenye, ndilavulire, chita chilichonse."

"Ankandifunsa tsiku lililonse kuti bwanji sitikupita kuchipatala. Ndinkamuuza kuti banki yachedwa. Wapita akudikira banki. Bwerera, Tekendra."

Nyumba ija inagulitsidwa. Tekendra ndi Dilsara akukhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa ofesi ya bungwe, ndipo mlandu udakali kukhoti. Rojan sanapezeke. Kanema uja akuyendabe m'mafoni, angosintha dzina la masewera, ndipo Tekendra akumwetulirabe mmenemo, akuuza anthu kuti alowe.

Phunziro: Mlendo wokutamanda mopitirira akufuna chinachake chimene uli nacho. Usabwereketse dzina lako, nkhope yako kapena akaunti yako, chifukwa anzako adzagwa pokhulupirira iwe, osati iyeyo. Juga imakudyetsa kaye kuti idzakudye bwino. Anzako akakuchenjeza, mvera zisanavute. Tumizani uthengawu kwa aliyense wolandira penshoni ndi kwa onse amene mumawakonda, mwina mupulumutsa banja lina lero.