Kaputeni wa Chaka Chamawa

"Amayi, ine kiriketi basi ndasiya," anatero Rory akuvula chisoti. Aka kanali kachisanu motsatizana kumutulutsa m'masewerawo pa mpira woyamba, asanaukhudze n'komwe.

Amayi akewo, Leanne, anangotsala pang'ono kululuta. Chilimwe chonse ankaonera ligi ya anawo atagwira pamtima. Mpira wake ndi wolimba ngati mwala, ndipo mwana wakeyo ankaudikira atatsinzina.

Anapita kukauza a Ackroyd, mkulu wosankha osewera pakalabupo. Anawapeza patebulo la tiyi wa pakati pa masewera, zinyenyeswa zili mbuu kundevu.

"Pepani bambo, Rory wati sabweranso."

A Ackroyd anatsamwa. "Sabweranso? Nanga inuyo?"

"Ine ndizidzatani kuno mwana kulibe? Tsiku langa lophika mupatse wina."

Mkuluyo anayang'ana mbale ya keke yamandimu imene Leanne anaphika m'mawa umenewo. Munatsala kachidutswa kamodzi. Kenako anayang'ana masangweji a mayi Platt, amene ngakhale ntchentche zinkawalambalala.

"Rory! Tabwera kuno, mphwanga!" anafuula. "Zaka makumi anayi ndili m'masewerawa, sindinaonepo mwana wa maimidwe okongola ngati ako. Usiye chifukwa chiyani? Chaka chamawa kaputeni ndiwe."

Rory anacheukira amayi ake, mano onse panja. "Mwamva, amayi? Ndimatha!"

Leanne anatembenukira kwa a Ackroyd.

"Ndipo mwambo wathu mukuudziwa, mayi," anatero a Ackroyd akutola kachidutswa kotsalako. "Amake a kaputeni amaphika sabata iliyonse."