Umboni wa Mabushi

Bushi lachitatu linkakana kutuluka. A Tomasi anakwawa kuchoka pansi pa pikapu yawo, anazungulira kawiri, analowanso. Chiyambire m'mawa anali asanakhale pansi.

Kwa iwo nkhani inali yoonekeratu. Masabata awiri apitawo anagula okha ku Lilongwe mabushi anayi atsopano, timphira tija timaletsa zitsulo za kumatayala kugundana. Anapatsa mkamwini wawo Ignatius, makanika wa pa Nsaru, kuti awaike. Koma galimoto ikangogwira msewu wa ku Kabudula, phokoso linali pomwepo: gu! gu! gu! Ndiye kuti chiyani? Mkamwiniyo anagulitsa atsopanowo n'kusiya akale omwewo.

Si zokhazo. A Tomasi sankasiya chinthu poyera pakhomo pakabwera munthu, ngakhale machesi, komabe hamala yawo yaikulu inasowa tsiku lomwe Ignatius anabwera kudzaika mabushiwo. Ankhoswe a mbali zonse anali atawaimbira kale foni kuti afike dzuwa likapendeka. Mwana wawo Memory sangapitirize banja ndi mbala.

Popanda hamala, ankakhoma ndi mwala. Mabushiwo anali atagwira zolimba modabwitsa.

"Dzimbiri la zaka khumi ili," anang'ung'udza.

Ananyika sanza m'palafini, nayatsa, monga anachitira ndi awiri oyamba aja. Utsi wakuda unakwera mpaka m'nthambi za mango. Akazi awo a Kettie anatuluka akutsokomola.

"Bambo a Memory, mutentha galimoto yonse! Ndiponso tsiku lija akamwini anasiya kathumba kuseri kwa chitseko, amati..."

"Mukumuikira kumbuyo chifukwa amakugulirani shuga eti? Ndisiyeni ndigwire ntchito."

A Kettie anawayang'ana pang'ono, nabwerera m'nyumba.

Mphira itafewa, bushi linafwamphuka n'kugwa pafumbi likufuka. Lachinayi linawatentha chala, koma nalo linagonja. Anawandanditsa onse anayi pa saka, akuda bii, opindika, osadziwikanso maonekedwe. Anawayang'ana ndi mtima wokhutira. Umboni ndi umenewu. Aone kumene akayambire kukana.

Anapita kumsewu kukasuzumira ankhoswe. Kunali zii. Anabwerera, anasuntha saka kuliika pamthunzi, analibwezanso padzuwa kuti lioneke bwino. Kenaka anagwira pikapu chakumbuyo n'kuigwedeza, kuti aone ngati miyala imene anaikhazikapo yakhala bwino.

Gu! gu!

Anaima. Anayang'ana pa saka: mabushi onse anayi anali pomwepo. Anagwedezanso mwamphamvu.

Gu! gu! gu!

Phokosolo linkachokera pansi chakumbuyo, pamene pamapachikidwa tayala la sipeya. Anagwada, anamasula tcheni, tayala linatsika. M'kati mwake munagubuduka chinthu cholemera, chokulungidwa m'malaya awo akale, mfundo yake yomanga iwo eni. Inali hamala ija. Apo m'pamene anakumbukira kuti anaibisamo okha m'mawa wa tsiku limene Ignatius ankabwera.

A Tomasi atadzutsa mutu, anaona a Kettie akukhuthula kathumba kaja pamapazi awo: mabushi anayi akale, ong'ambika, adzimbiri.

Kuchipata kunalira belu la njinga. "Odi kuno, a Tomasi! Tafika."