Pulojekita ya Apongozi a Chhavi

Chingwe chachinayi nacho chinakana. A Dinanath Awasthi anachizula, n'kuchiuzira ngati muli fumbi, n'kuchibwezera pomwepo. Pakhoma panangowala mtundu wabuluu, popanda chilichonse.

Anali atagwada pabalaza la banja la Bajpai, ku Kanpur m'dziko la India, kuyambira m'mawa. Munthu wa zaka 63, mphunzitsi wopuma, amene ngakhale wailesi ikavuta amathamangira nayo kwa okonza. Lero ndiye anazunguliridwa ndi masipika asanu, ampulifaya, pulojekita, ndi zingwe zopiringizana ngati matumbo a mbuzi.

Zonsezi anabwera nazo okha pa rikisho, njinga yahayala ya matayala atatu. Zinali pa mndandanda wa katundu amene akuchimuna anafuna pamene Chhavi, mwana wa a Awasthi, ankakwatiwa ndi Utkarsh chaka chatha. Firiji anapereka. Njinga yamoto anapereka, bedi ndi kabati zomwe. Chinatsala ndi kanema wa pakhomayu basi, koma ndiye chinakula ngati mlandu wakupha. Chhavi anabwezedwa kwa makolo ake, ati akapume masabata awiri. Masabata awiri aja anasanduka miyezi isanu ndi iwiri. Mwana ankangokhala pakhonde, kuonda tsiku ndi tsiku, foni ili m'manja koma osalira.

"Mukangowapatsa adzanditenga, bambo," ankatero, ndipo iwo ankasowa poyang'ana. Mapeto ake anagulitsa kanjinga kawo kamoto, n'kukagula katunduyo.

Mayi Saroj Bajpai, amayi ake a Utkarsh, anasuzumira pakhomo atanyamula kapu.

"Simunathebe, a Awasthi? Magetsi amathima folo koloko kuno. Anyamata a kusitolo akanamaliza kalekale."

"Pang'ono pokha, asewere. Katsala kachingwe kamodzi."

"Kuyambira m'mawa kachingwe kamodzi. Nayu tiyi, imwani, mungatikomokere pano."

"Mwambo mukuudziwa, asewere. Kumene mwana wanga wakwatiwa sindingamweko ngakhale madzi."

"Imwani inu, palibe chovuta."

Anasiya kapuyo pansi n'kubwerera kukhitchini. A Awasthi sanaikhudze, ngakhale kukhosi kunali gwa. Ankafuna kufunsa kuti Utkarsh ali kuti, ndipo akamutenga liti mkazi wake. Koma ungafunse bwanji khoma lili lopanda kanthu? Munthu wobereka mwana wamkazi amayamba wagwira ntchito, pakamwa pambuyo.

Anatulutsanso kapepala kamene wogulitsa kusitolo anawajambulira. Makina a DVD apite ku ampulifaya, ampulifaya ipite ku pulojekita, masipika aliyense ndi waya wake. Papepala zinkaoneka zophweka. Koma thukuta linali litafafaniza mivi ina, ndipo kuseri kwa ampulifaya kunali mabowo asanu ofanana ndendende. Maso awo okalambawo sankatha kuwerenga timalemba ta pamwamba pake.

Anachita mantha. Zikakanika lero, anthu awa anena kuti wabweretsa katundu wakufa, ndipo akamuuza chiyani Chhavi madzulo? Mayi ake anali atamusitira kale zovala, sutikesi ili pakhomo.

Anakoka makina a DVD a eni nyumba, akale aja a pansi pa TV, n'kuwalumikiza ku ampulifaya. Anadina batani lina, kenako lina. Mwadzidzidzi chipinda chonse chinagwedezeka. Ng'oma, malipenga, nthungululu za amayi. Mkati munali kale chimbale, ndipo chinali cha ukwati.

A Awasthi anakhala pansi kuti khwithi. Anamva wansembe akuwerenga mapemphero. Anamva kuseka kwa Utkarsh, kuseka kwa m'mphuno kuja. Anamva Mayi Saroj akukalipira wina kuti asunthe mipando. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe chimene anali atachiiwala. Kani anthu awa amaonerabe ukwati wa Chhavi! Munthu amene wamutaya sumuonera ukwati wake. Ndiye kuti amamufunabe, chavuta ndi katunduyu basi.

Mawu analipo, chithunzi ndiye ayi. Nthawi inali itadutsa hafu pasiti fili.

Anagona chafufumimba, nkhope pafupi ndi mabowo aja, akuunikira ndi foni. Bowo lachisanu linali patali pang'ono ndi anzake, lozunguliridwa ndi kamzere koyera. Apa m'pamene anazindikira. Anayi aja ndi olandira, limodzi lokhali ndiye lotulutsa. Tsiku lonse ankalowetsa chingwe cha pulojekita m'mabowo olandira, mphunzitsi wathunthu.

Anachisunthira m'bowo lachisanu lija. Buluu uja anaphethira kawiri, n'kuzimiririka.

Khoma lonse linadzaza mitundu. Maluwa achikasu, moto wa mwambo wa ukwati, Utkarsh atavala chilemba chonyezimira kumutu, wamtali kuposa chitseko. Pambali pake mkwatibwi atavala zofiira, atawerama, nsalu itaphimba nkhope. A Awasthi anaseka okha misozi ili mbwembwe. Anayamba kale kuganiza zoimba foni kuti Chhavi asambe, avale.

"Asewere, tabwerani mudzaone," anaitana. "Zatheka."

Mayi Saroj anatulukira manja ali ufa wokhawokha. Atayang'ana pakhoma anaima chilili.

Pachithunzipo Utkarsh anatapa utoto wofiira woti apake pamutu pa mkazi wake, n'kukweza nsalu ija pang'onopang'ono. Nkhope inaoneka bwinobwino, mpaka kachipsera ka pachibwano. Sanali Chhavi. Pakona pa chithunzicho panalembedwa tsiku la ukwatiwo, ndipo linali la mwezi wathawu.